Liu Lakuti "Pressure" ndi Matanthauzo Ake

M'Chingerezi muli mau ena amene aoneka apafupi chifukwa tiwamva tsiku ndi tsiku, koma mphunzitsi akati awamasulire pamaso pa ana apeza kuti lilime lamlemera. Limodzi la mau otere ndilo lakuti "pressure," limene anthu a kuno analilandira kale nalitchula kuti pulesha. Wokonza njinga pa Chitakale alitchula popopa tayala. Namwino alitchula pomanga lamba pa mkono wa wodwala. Wolengeza za nyengo pa wailesi alitchula ponena za mvula. Ndipo mnyamata wa Sitandade 8 alitchula mayeso akayandikira. Onsewa atchula liu limodzi, koma sanena chinthu chimodzi.

Inu amene mukukonzekera nchito ya uphunzitsi mudzakomana nalo liuli kawirikawiri, makamaka kuyambira Sitandade 5, kumene maphunziro ambiri aphunzitsidwa m'Chingerezi. Mudzalipeza m'phunziro la sayansi, la nyengo, la umoyo ndi la makhalidwe. Mukangouza ana kuti "pressure" ndi pulesha, mwawapatsa phokoso lokha lopanda nzeru m'kati mwake. Mukawapatsanso liu limodzi la Chichewa kuti likwanire ponseponse, mwawasokeretsa. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti matanthauzo onsewo aphuka pa tsinde limodzi, ndi kuti Chichewa chili ndi liu lake pa nthambi iliyonse. Zitsanzo tazitenga ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, pakuti kumeneko phiri, mtsinje, mipope ndi midzi zili pafupipafupi, kotero kuti mwana angathe kuona ndi maso chimene buku lingonena.

1. Kumene liuli linachokera

Liuli linachokera ku Chilatini, ku mneni wakuti "premere," ndiko kudinikiza kapena kufinya. Linadzera m'Chifalansa, m'mene linatanthauza masautso komanso chipangizo chofinyira mphesa. Polowa m'Chingerezi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, linanena za kusautsika kwa mtima. Tanthauzo la sayansi, loyezedwa ndi zida, linakhazikika pambuyo, chapakati pa zaka za m'ma 1600. Tsono iye amene aganiza kuti "pulesha ya mayeso" ndi kalankhulidwe ka anyamata a lero chabe alakwa, pakuti m'Chingerezi tanthauzo limenelo ndilo lachisamba.

Tsinde lake ndi ili: pali chinthu chimene chikankha chinzake, ndipo chinzakecho chilibe kothawira. Ife tili ndi mau ambiri onena za ichi, ndipo sitiwasokoneza. Tidinikiza ndi chala; tifinya chithupsa kapena ndimu; tipsinja chinthu ndi mwala; tipana dzanja pa chitseko; tipanikiza munthu ku khoma; nsapato itithina; wamphamvu apondereza wofooka; kholo liumiriza mwana. Mngerezi angathe kuika "press" kapena "pressure" m'malo ambiri mwa amenewa. Chinenero chathu sichili chosauka pano ai. Chisiyanitsa zimene Chingerezi chiunjika pamodzi.

Chifukwa chake, pokomana ndi liuli, mphunzitsi adzifunse mafunso atatu asanamasulire. Chikukankha nchiyani? Chikukankhidwa nchiyani? Kodi kukankhako kungayezedwe ndi chida, kapena ndi fanizo chabe? Akayankha atatuwa, liu loyenera la Chichewa lidzabwera lokha.

2. Mtolo ndi nkhata

Amai otsika ndi nkhuni m'njira za ku phiri sasenza mtolo pa mutu wopanda nkhata. Funsani ana ngati nkhata ichepetsa kulemera kwa mtolo. Ambiri adzati inde, koma sikelo idzawatsutsa, pakuti mtolo wa makilogalamu 30 ukhalabe wa makilogalamu 30. Chimene nkhata ichita ndicho kugawa katunduyo pa malo akulu.

Tiyerekeze kadanga ka sentimita 1 mbali zonse, kofanana ndi chikhadabo cha chala. Ngati mtolo ukhudza mutu pa timadanga 10 tokha, kadanga kalikonse kasenza makilogalamu 3, ndipo liwombo liwawa. Ngati nkhata iugawa pa timadanga 100, kalikonse kasenza magalamu 300 okha. Uku ndiko kumene a sayansi atcha "pressure": mphamvu yokankha yogawidwa ndi kukula kwa malo amene ikankhapo. Kulemera nkwina, kupanikiza nkwina, ndipo mwana amene wagwira kusiyana kumeneku wagwira phunziro lonse.

Nzeru yomweyi tiiona mozondoka pa nkhwangwa. Tinola nkhwangwa kuti mphamvu yonse ya mkono isonkhane pa kamzere kakang'ono. Munga ulasa phazi, koma mwala wosalala sulasa, ngakhale munthu wopondayo ndi yemweyo. Msomali uli ndi nsonga kolowera ndi mutu waukulu komenyera pa chifukwa chimodzimodzi. Pano liu lathu ndi kupanikiza kapena kudinikiza.

3. Mphamvu ya madzi

Pamwamba pa midzi ya Likhubula pali mathithi ndi dziwe lotchedwa Dziwe la Nkhalamba. Odziwa kusambira amene amira pansi m'madzi akuya otere anena kuti makutu awawa. Chowawitsa ndi madzi ali pamwamba pao, amene alemera ndipo akankha mbali zonse. Pa mamita 10 aliwonse a kuya, madzi aonjezera kukankha kwa pafupifupi kilogalamu 1 pa kadanga kaja.

Simuyenera kutengera ana ku dziwe kuti aone ichi. Boolani chitini chachitali malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, nimuchidzaze madzi. Bowo lapansi lidzatulutsa madzi mwaukali koposa ena awiriwo. Ana aone kuti chopatsa madzi mphamvu si kuchuluka kwake koma kutalika kwake. Thanki yaikulu yokhala pansi singakankhe madzi monga ichitira yaing'ono yokhala pa chitunda.

Nzeru imeneyi ndiyo inabweretsa madzi m'midzi yambiri ya dziko lino. Nchito ya mipope yoyenda yokha, yopanda injini, inayamba kwa Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo posachedwa inafika m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene eni mudzi anakumba okha ngalande zoikamo mipope. Madzi otungidwa mamita 100 pamwamba pa mudzi afika ndi mphamvu ya makilogalamu 10 pa kadanga kamodzi. Ndipo kutsetsereka kukakula, amisiri amanga timathanki pakati pa njira kuti madzi apumemo, mipope ingaphulike. Mu 2019 bungwe la Blantyre Water Board linatsiriza nchito yotenga madzi mu mtsinje wa Likhubula kupita nao ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene ayeretsedwa asanapite mu mzinda. Nchitoyo inakonzedwa kuti ipereke malita 20 miliyoni pa tsiku. Ubwino wake ndi wakuti madziwo atsika okha kuchoka ku phiri, pamene ochokera mu Shire, pa Walker's Ferry, afuna magetsi ambiri owakankha kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800.

Pano tingonena kuti mphamvu ya madzi. Amai akati, "Lero mpope ulibe pulesha," atanthauza kuti madzi afooka, angodontha. Taonani kuti pa mpope kusowa kwa pulesha ndilo dandaulo, pamene ku chipatala dandaulo ndi kuchuluka kwake.

4. Kulemera kwa mpweya

Chobvuta kukhulupirira ndi chakuti mpweya nawo ulemera. Tikhala pansi pa mpweya monga nsomba ikhala pansi pa madzi, ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere mpweyawo ukankha ndi mphamvu ya pafupifupi kilogalamu 1 pa kadanga kalikonse ka thupi lathu. Sitiumva chifukwa m'kati mwa thupi mulinso kukankha kolingana nako.

Woyamba kuyeza ichi anali Evangelista Torricelli wa ku Italy, mu 1643. Iye anadzaza chubu chagalasi ndi chitsulo chamadzimadzi chotchedwa mercury, nachizondotsa m'mbale. Ndipo mercury inaima pa masentimita pafupifupi 76, yochirikizidwa ndi mpweya wokankha pa mbaleyo. Blaise Pascal wa ku France anaganiza kuti ngati zili chomwecho, ndiye kuti pamwamba pa phiri, pamene mpweya wotsala pamutu uli wochepa, mercury iyenera kutsika. Mu 1648 mlamu wake, Florin Périer, anakwera ndi chidacho phiri la Puy de Dôme, ndipo mercury inatsikadi masentimita pafupifupi 8. Nchifukwa chake muyezo wa "pressure" m'mabuku a sayansi utchedwa pascal.

Phiri lathu lipambana limenelo kutalika kawiri. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo pamenepo mercury ingaime pa masentimita ngati 53 okha, ndiko kuti mpweya watsala magawo 7 mwa magawo 10. Wokwera apuma wefuwefu chifukwa mpweya umene aukoka pa kupuma kumodzi wapepuka. Madzi nawo awira msanga asanatenthe kwenikweni: pa mamita 300 aliwonse okwera, kutentha kowirira kutsika ndi digiri imodzi, kotero kuti pa Sapitwa awira pa madigiri ngati 90 m'malo mwa 100. Ophika m'nyumba za alendo za pamwamba pa phiri adziwa kuti nyemba zichedwa kupsa. Mphika wotsekedwa zolimba, umene Denis Papin anaupanga mu 1679, uchita zosiyana: utsekera nthunzi m'kati, madzi nafika madigiri ngati 120, chakudya nichipsa msanga. Zipatala ziphika zida zao za opaleshoni m'mphika wa mtundu womwewo.

Wina akamapita ku Chambe, mpatseni botolo lapulasitiki lopanda kanthu, alitseke zolimba ali pamwambapo. Pofika nalo ku Likhubula lidzakhala litafwapira m'kati, pakuti mpweya wa pansi ukankha koposa umene unatsekeredwa kumwamba.

Za nyengo zichokera pomwepa. Mphepo ndi mpweya wochoka kumene walemera kupita kumene wapepuka. Chiperoni, mphepo yozizira ya mawawa imene anthu a ku Mulanje ndi Thyolo aidziwa bwino m'miyezi yachisanu, ndipo dzina lake lichokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ikankhidwa ndi mpweya wolemera wa kum'mwera chakum'mawa. Namondwe ndiye abadwa kumene mpweya wapepuka kwambiri pamwamba pa nyanja yofunda: mphepo ithamangirako kuchokera mbali zonse, ikwera ndi chinyezi, ndipo mvula igwa yosaleka. Wotere anali namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, amene anagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, anthu oposa 1,000 nafa kapena kusowa.

Apa mphunzitsi achenjere. Mwana wozolowera kuti pulesha ndi mabvuto, akamva pa wailesi mau akuti "low pressure," adzayesa kuti bvuto lachepa, pamene tanthauzo lake ndi lakuti mvula yamkuntho ingadze. Muuzeni kuti mpweya ukapepuka kudza mitambo ndi mvula, ukalemera kawirikawiri kunja kuyera.

5. Magazi

Tanthauzo limene lafala koposa m'midzi ndi la ku chipatala. Mtima ndi pampu, mitsempha ndi mipope, ndipo magazi akankha makoma a mitsempha monga madzi akankha mpope. Stephen Hales wa ku England, amene anasindikiza zofufuza zake mu 1733, analumikiza chubu chagalasi ku mtsempha wa kavalo, magazi nakwera mamita oposa 2. Lamba wopopa uja amanga pa mkono anampanga Scipione Riva-Rocci wa ku Italy mu 1896, ndipo Nikolai Korotkoff wa ku Russia anapeza mu 1905 njira yomvetsera magazi imene ipatsa manambala awiri. Namwino akati 120 pa 80, anena mamilimita a mercury yomwe ija ya Torricelli: loyamba pamene mtima ufinya, lachiwiri pamene upuma. Munthu wamkulu akapezeka kawirikawiri ndi 140 pa 90 kapena kuposa, a chipatala ati ali ndi matenda amene anthu awatcha BP.

M'Chichewa tinazolowera kunena kuti kuthamanga kwa magazi. Mauwa akhazikika ndipo sitingawachotse, koma mphunzitsi adziwe kuti sanena ndendende chimene chichitika. Choopsa si liwiro la magazi koma mphamvu imene akankha nayo mitsempha, imene pakapita zaka itopetsa mtima, iononga impso, kapena kuphulitsa kamtsempha m'ubongo, munthu nafa ziwalo.

Kusokoneza matanthauzo kuli ndi mtengo wake pano. Popeza liu lomwelo linena za nkhawa, ambiri ayesa kuti BP ndi matenda a maganizo okha. Nzoona kuti mantha ndi mkwiyo zikweza manambala aja kwa kanthawi. Koma matendawo akhazikika m'thupi, ndipo achokeranso ku mchere wambiri, kunenepa, mowa, ukalamba ndi mtundu wa makolo. Kawirikawiri sapweteka konse. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la World Health Organization mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 kufikira 64 anali ndi bvutoli, ndipo ochuluka koposa sanadziwe. Bambo amene anena kuti, "Fizi ya ana ndalipira, pulesha yatha," nasiya mankhwala, wasokoneza nthambi ziwiri za liu limodzi, ndipo moyo wake uli pa chiswe. Mphunzitsi si dotolo; koma angathe kuphunzitsa ana kuti BP idziwika poyeza pokha, ndi kuti mankhwala sasiyidwa popanda mau a ku chipatala. Anawo adzafikitsa mauwo kwa agogo ao.

6. Anthu pa nthaka, ndi anthu pa anzao

Kufikira pano tanena za zinthu zoyezedwa ndi zida. Zotsalazi ndi mafanizo, ndipo pa funso lachitatu lija yankho lake ndi lakuti palibe chida.

Mabuku anena za "population pressure." Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko lino, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo m'boma la Mulanje lokha munali oposa 680,000. Nthaka ndiyo sinakule. Midzi yambiri ya kumeneko yapanidwa pakati pa minda ya tiyi, imene inayamba m'zaka za m'ma 1890, ndi nkhalango yotetezedwa ya phiri, imene malire ake anaikidwa mu 1927. Munda umene unadyetsa banja limodzi ugawidwa kwa adzukulu ambiri. Osowa polima akwera ku phiri kufuna nkhuni, makala ndi matabwa. Ndipo mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene sumera wokha kwina kulikonse koma pa phiri limeneli, watsala pang'ono kutha. Ili ndi phunziro la nkhata lomwe lija: katundu wakula, malo osenzera ndi omwewo. Mau athu pano ndi kuthinana, kapena kuchepa kwa malo.

Mngerezi anenanso za kuika "pressure" pa munthu kuti achite chimene sanafune. Ife tisiyanitsa bwino. Pali kuchonderera, pali kunyengerera, pali kukakamiza, pali kuumiriza, pali kuopseza, ndipo pali kupondereza. Ndipo mau amenewa salingana kulemera kwake pamaso pa mfumu. Pamene nchito ya madzi a ku Likhubula inali kuyamba, anthu ena a ku Mulanje anasonkhana kuumirira kuti mitengo ibzalidwe m'magwero a mtsinje madzi asanatengedwe. Gulu lotere Angerezi alitcha "pressure group": silifuna kulamulira, koma kukakamiza olamulira kuti amve.

Pali ndiponso "peer pressure," kumene mabuku a makhalidwe akunena kawirikawiri. Uku ndiko kutengeka ndi anzako, kuchita chinthu poopa kusekedwa. Akale anakudziwa pamene anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Koma kutengeka ndi anzako sikufanana ndi kuumirizidwa ndi akulu. Mtsikana wa Sitandade 7 akati, "Aphunzitsi, ndili pa pulesha," mphunzitsi wanzeru sagwedeza mutu ngati wamva. Afunsa modekha kuti chikumkankha nchiyani. Kapena ndi masamu. Kapena ndi anzake. Kapena ndi akwao omuumiriza kukwatiwa. Chotsirizachi si nkhani ya maganizo chabe koma ya lamulo, pakuti kuyambira 2017 malamulo akulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Liu lobwereka lija lingathe kubisa zonse zitatu. Mau a Chichewa aziulula.

7. Za mu mtima, ndi liu lakuti "stress"

Tafika kumene liuli linayambira m'Chingerezi, ndiko mu mtima. Pano chuma cha Chichewa nchambiri. Wopanikizika ndi iye amene nchito zamchulukira, nthawi niimchepera. Wodera nkhawa aopa za mawa. Wothedwa nzeru wasowa pogwira. Wopsinjika mtima wasenza chisoni masiku ambiri, sagona, ndipo chakudya sichimkomera. Anaiwa safuna thandizo limodzi: woyamba afuna womlandira katundu, wachiwiri womlimbitsa mtima, wachitatu womlangiza, ndipo wachinai angafunenso kuonana ndi a chipatala.

Liu lina loyenda limodzi ndi "pressure" ndilo "stress," lochokeranso ku Chilatini, ku mau onena za kumanga mothina. Amisiri a milatho asiyanitsa chotere: katundu akhala pamwamba pa thabwa, koma "stress" ndi kulimbana kumene kuchitika m'kati mwa thabwalo posenza katunduyo. Hans Selye, dotolo wofufuza ku Montreal m'dziko la Canada, anaonetsa mu 1936 kuti makoswe osautsidwa m'njira zosiyanasiyana anadwala mofanana. Ndipo pambuyo pake iye ndiye anafalitsa liu la amisirilo ponena za thupi la munthu. Tsono tingati "pressure" ichokera kunja, "stress" ndiyo imene ichitika m'kati. Ana awiri alemba mayeso amodzi, wina alimba, wina agwa mphwayi. Katundu ndi mmodzi, matabwa ndi osiyana.

Kwa inu aphunzitsi a chinenero, "stress" ili ndi tanthauzo linanso, ndilo kutsindika phatikizo limodzi potchula liu. Mngerezi akatsindika phatikizo loyamba la "record" anena dzina la chinthu, akatsindika lachiwiri anena mneni. Chichewa sichichita chomwecho. Ife titalikitsa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, ndipo tisiyanitsa mau ena ndi kukweza kapena kutsitsa liu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika. Mwana atengera chizolowezi chimenechi m'Chingerezi, ndipo asayesedwe wopusa pa ichi. Angofuna kumva mauwo kawirikawiri kwa mphunzitsi wowatchula bwino.

8. Chochita mphunzitsi

Poyamba, yambani ndi chinthu, liu lidze pambuyo. Bweretsani nkhata, chitini chobooledwa ndi pampu ya njinga. Mwana atseke kamwa ya pampu ndi chala mnzake akupopa. Akamva mpweya ukumkankha, pamenepo lembani liu la Chingerezi pa bolodi.

Chachiwiri, musaletse liu lakuti pulesha. Lalowa kale m'chinenero monga analowera sukulu, buku ndi njinga yamoto m'moyo wathu, ndipo kulimbana nalo nkutaya nthawi. Koma mwana akalitchula, mfunseni anene chinthu chomwecho m'mau ena. Akatha, wamva, akalephera, wangoloweza. Ana ambiri a ku Mulanje amva Chilomwe kwa agogo ao; apempheni akafunse mau a kwao onena za kufinya, kuthina ndi nkhawa, nimuwalembe pambali pa a Chichewa.

Chachitatu, jambulani mtengo pa bolodi. Pa tsinde lembani kukankha chopanda kothawira. Pa nthambi za mbali imodzi lembani zoyezedwa: kupanikiza kwa katundu, mphamvu ya madzi, kulemera kwa mpweya, kukankha kwa magazi. Pa nthambi za mbali ina lembani za fanizo: kuthinana, kukakamiza, kutengeka, nkhawa. Pakati pa nthambi ya magazi ndi ya nkhawa lembani mzere wofiira, ndi kufotokoza chifukwa chake.

Chachinai, apatseni nchito iyi. Ku Likhubula kuli amuna amene apeza ndalama ponyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo mpikisano wao wothamanga pa phiripo uyambira komweko. Ana aganize za mmodzi wa iwo akukwera ku Chambe. Malamba a chikwama amdinikiza m'mapewa. Mpweya ukumpepukira pamene akwera. Mtima ukukankha magazi mwamphamvu. Munda wa kwao wachepa. Ndipo akudera nkhawa ngati malipiro adzakwana feteleza. Mngerezi angathe kunena zisanu zonsezi ndi liu limodzi. Ana alembe ziganizo zisanu za Chichewa, osabwereza mneni, ndipo pambuyo pake azitembenuzire m'Chingerezi. Potero adzaona okha kuti kumasulira si kusintha liu ndi liu monga asintha ndalama, koma kufunsa chimene chanenedwa.

Potsiriza, kumbukirani kuti mphunzitsi nayenso akankha. Mayeso a Sitandade 8 ndi mtolo umene simungauchepetse, pakuti sunamangidwe ndi inu. Koma mungathe kuugawa pa chaka chonse, kubwereza pang'onopang'ono kuyambira teremu yoyamba, m'malo mouunjika pa masabata atatu otsiriza pamodzi ndi ndodo ndi mau oopseza. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo mutu wa mwana wa zaka 13 ndi waung'ono koposa. Mphunzitsi amene wamvetsa nchito ya nkhata adzaiphunzitsa m'phunziro la sayansi, ndipo adzaigwiritsanso nchito polemba dongosolo lake la chaka.